Oyilo amene a Tembo anandiletsa kuthira

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo sayamba ndi madandaulo moni asanapereke. Mkazi wa mwana wanu Kondwani wabereka mwana wamkazi ku Barking kuja, mu London momwemuno, ndipo amutcha Esnati, dzina lanu. Akalira amakwinya pachipumi ngati inu mukamawerenga bilu ya magetsi. Kadimba kanu ka ku Thamesmead sitinakataye. Nyemba zinabereka ndithu, koma nkhono zinamaliza nkhwani wonse ife tisanalaweko.

Ukwati wa mdzukulu wanu Chisomo uli mwezi wa mawa, ndipo ndi iye amene wandigwetsera m'nkhani imene ndikulemberayi. Anati akufuna kupita kutchalitchi pa galimoto ya agogo ake aamuna, ija yooneka ngati kamba, ya injini kumbuyo. Tonse tinkadziwa kuti inagona m'galaja chimwalirireni bambo. Inuyo munkatiuza choncho.

Loweruka lina ine ndi Kondwani tinapita kukaiona. Titatsegula chitseko cha galaja, tinangoyang'anana. Fumbi panalibe. Matayala anali ndi mpweya. Kondwani atapotokola kiyi, injini inakhosomola pang'ono n'kulira bwinobwino. Galimoto yogona zaka zonsezi, Amayi! Tinayang'ana oyilo pa kachitsulo koyezera kaja, tinapeza ali wochepa ndi wakuda. Kondwani anali atabwera kale ndi chigubu cha oyilo amene amathira m'galimoto yake yatsopano, wodula, woyenderera ngati madzi, wolembedwa 5W-30. Anati chodula ndiye chabwino. Ine ndinatsegula chivindikiro, iye n'kupendeketsa chigubu.

"Musathire! Chonde, ana anga, musathire!"

Tinadzidzimuka. Pakhomo la galaja panaima bambo wokalamba, wa chipewa ndi ndodo, akupuma movutika chifukwa chofulumira. Chinyanja chawo chinali cha ku Chipata. Kondwani anawafunsa m'Chingerezi kuti ndi ndani. Iwo anavula chipewa, n'kunena kuti ndi a Tembo, kenaka analoza chigubu chija.

"Iyi injini ilibe madzi," anatero. "Ilibe radiyeta. Imazizira na mphepo ya fani na oyilo chabe. Manje uyu oyilo wanu akapsa azakhala monga tiyi, azayamba kudontha paliponse, zitsulo zizayamba kudyana. Ifuna oyilo wolemera, 20W-50, wa mamotoka akale, uja ali na zinki yambiri. Ndipo sefa yake ni kawaya chabe, ndiye osachedwa kusintha."

Ndinawafunsa ngati ndi amakanika. Anaseka, koma maso ali ndi misozi.

"Ine? Ine nenze kugwira tochi chabe. Wogona pansi pa motoka anali amayi anu. Ndiwo ananiphunzitsa vonse ivi."

Amayi! Ndinakhala pa bampala. Inu? Inu amene ndinkakunyamulirani chikwama chifukwa cha msana? Inu amene munkandiimbira ndili ku ntchito ku Wembley kuti ndibwere ndidzakusinthireni babu?

Kondwani anapsa mtima. Anati bamboyu ndi tsotsi, waona galimoto yakale akufuna kutinamiza kuti aitenge. A Tembo anangoloza kuseri kwa chitseko. Ndinasuzumira, ndipo kumeneko kunali chikatoni chophwathalala chodzaza madontho akuda, masipanala m'chitini cha mabisiketi, ndi duku lanu lobiriwira litapachikidwa pa msomali. Ndinalinunkhiza. Linali ndi fungo la mafuta anu odzola, losakanikirana ndi la oyilo.

Ndiye anatiuza zonse, ataima pomwepo chipewa chili m'manja. Akuti munakumana pa basi, bambo atamwalira kale ndithu, nawonso akazi awo atamwalira. Akuti Loweruka lililonse limene munkatiuza kuti muli ku Mvano mpaka madzulo, mapemphero ankatha masana, kenaka munkatulutsa galimoto, inu pa chiwongolero, iwo pambali, ulendo wa kunyanja ku Kent kukadya tchipisi mutakhala pa benchi. Akuti mumsewu waukulu munkathamangitsa mpaka iwo ankagwira chitseko n'kumapemphera. Amayi, inu amene munkandikalipira ndikapitirira pang'ono liwiro!

Chimene chinandithyola ndi ichi. Akuti anakufunsirani ukwati, osati kamodzi, ndipo munkawayankha kuti, "Nanga ana anga adzati chiyani?" Pa maliro anu analipo, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ine ndemwe ndinawapatsa mbale ya chakudya osadziwa kuti ndikupatsa ndani. Chiyambire pamenepo amakwerabe basi Loweruka lililonse, n'kudzaima pa galaja yotseka kwa kanthawi, n'kubwerera. Tsiku limenelo anangoipeza yotsegula.

Ndakhala ndikukukwiyirani, Amayi, ndisakubisireni. Munkandiyesa munthu wotani? Tsiku lina pa maliro a munthu wina munandinong'oneza kuti mkazi wamasiye saikidwa m'manda amodzi ndi mwamuna wake. Ndinkaganiza kuti mukunena za mayi wamasiye amene anali patsogolo pathu. Kenaka ndimakumbukira mmene Kondwani anawayang'anira a Tembo, ndipo mkwiyo umachepa, chifukwa mwina munkatidziwa bwino kuposa mmene ife tinkakudziwirani.

Kondwani ananyamula chigubu chake n'kumapita. Ine ndinatsala. Tinapita ndi a Tembo ku shopu ya zida za galimoto. Mashelefu anali odzaza zigubu zamitundumitundu moti ndekha ndikanangosankha chokongola. Nditamufotokozera wogulitsa za injini, anatitengera chimene a Tembo ananena chija, ndipo anati ena amathira 15W-40 nyengo yozizira, koma popeza ukwati uli m'chilimwe ndipo galimoto idzaima nthawi yaitali m'mizere ya magalimoto mu London injini ikutentha, wolemerayo ndiye woyenera.

Titabwerera ndinayala chikatoni chanu, ndinamanga duku lanu, n'kugona pansi pa galimoto. A Tembo anagwira tochi. Ankandiuza monga munkachitira: kuliza injini pang'ono kaye kuti oyilo wakale atuluke bwino, kumasula timanati pang'onopang'ono, kutsuka kasefa kawaya kaja, kumanganso osakhwimitsa kwambiri. Oyilo wakuda ananditsikira m'mkono mpaka m'chigongono. Ndinatukwana, ndipo a Tembo anaseka mpaka tochi inagwedera. Akuti mawu omwewo ndi amene munkanena inu. Amayi, inu munkatukwana?

Titathira watsopano, ndinaizungulitsa kufupi ndi mtsinje. Magiya ake ndi olimba ndipo ndinaizimitsa pa malo odutsa anthu, koma phokoso lake linali losalala. A Tembo anakhala pambali panga, dzanja lili pa chitseko.

Kondwani sakundiyankha foni bwinobwino. Akuti ndikunyoza bambo. Ndamuuza kuti bambo anakondedwa mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo palibe chimene chachotsedwa kwa iwo. Chisomo nditamufotokozera analira, kenaka anaseka, n'kunena kuti agogo ake aakazi anali katswiri. Wawaitana yekha a Tembo ku ukwati. Anayamba akana, ati alibe malo pakati pathu.

Ndikulonjezani izi, Amayi. Galimoto sindigulitsa, ndipo oyilo ndizisintha ndekha. Pa tsiku la ukwati ndidzayendetsa ndine, Chisomo kumbuyo ndi diresi lake, a Tembo kutsogolo. Kuholo sadzakhalanso kumbuyo. Ndidzawakhazika pa tebulo la banja, ndipo aliyense wofunsa ndidzamuuza kuti awa anali bwenzi la amayi anga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike