Chitseko Chimene Ndinakhoma

Lamulungu, 9 Febuluwale

A Kochi Ruckert atisiya m'mawa uno, ali ndi zaka 84. Uthenga wandipeza pakhomo pa tchalitchi. Mkazi wanga Yvette wangondilanda makiyi a galimoto n'kuyendetsa yekha. Ndakhala m'khitchini ndi jekete pathupi mpaka dzuwa kulowa. Pa maliro a bambo anga ondibereka sindinagwetse msozi, lero ndalira mpaka mutu kuwawa.

Lolemba, 10 Febuluwale

Kusukulu ndaphunzitsa zimene sindikuzikumbuka. Wailesi tsiku lonse ndi a Kochi basi: zaka 36 akuphunzitsa basiketibo pa koleji ya Marlow Creek, zikho ziwiri, dera lonse la Indiana lataya mwana wake. Olankhulawo ambiri sanalaweko mluzu wawo 5 koloko m'mawa, chisanu chili tho.

Masana andiimbira mayi Lorene, akazi awo. Mwambo wowakumbukira ndi Loweruka 2 koloko, m'holo yomwe tinkasewerera. Akufuna ndikalankhule m'malo mwa osewera onse. "Anasankha okha, Wendell. Ankati iwe ndiye kaputeni amene sunawagwiritsepo mwala." Ndavomera mawu asanathe.

Kenako anena za kiyi. Osewera akale tonse tikakumana m'chipinda chovalira, ndipo anyamata agwirizana kuti tikachite monga kale: kutatsala mphindi khumi, kaputeni akhome chitseko. Linali lamulo la a Kochi. Wotsalira kunja tsiku limenelo sasewera, kaya ndi katswiri, kaya agogo ake adwala. Iwo sankakhoma okha ayi. Kiyi ankakhala pakhosi pa kaputeni, pa chingwe cha nsapato. Mayi Lorene akuti kiyiyo amupeza m'dirowa, chingwe chake chomwe chija.

Ndati chabwino mayi. Chakudya chamadzulo chandikanika.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Orrin ali m'nyuzipepala.

Mtolankhani anaimbira osewera akale khumi ndi awiri. Onse anati anali bambo wathu, anatipanga amuna. Orrin Tate yekha wati: "Ankadziwa mpira. Koma za anthu sankadziwa kanthu. Mufunse chimene anachitira amayi anga mu 1994."

Orrin, mnzanga wa chipinda chimodzi zaka zinayi, amene anandiperekeza pa ukwati wanga. Lachinayi lililonse timadya limodzi chakudya cham'mawa pa kalesitilanti ka pafupi ndi positi ofesi imene anagwirako ntchito mpaka chiuno chitamukana. Za 1994 sitinakambepo.

Ndilembe, mwina ndipuma. Anali masewero athu omaliza a pakhomo, tsiku limene aliyense wa chaka chomaliza amaitanidwa dzina, n'kuyenda ndi makolo ake mpaka pakati pa bwalo, n'kupereka maluwa kwa mayi ake. Mayi Tate anali asanamuonepo mwana wawo akusewerera koleji. Anakwera basi maola 14 kuchokera ku Mississippi, basi inachedwa ndi chipale chofewa, Orrin anapita kukawachingamira kudepoti. Nthawi yokhoma inali 11:50.

Chitseko chija chili ndi kagalasi. Wotchi itafika pa 11:50 ndinasuzumira. Orrin anali m'kolido, pafupi ndi kabati ya zikho, masitepe ngati makumi awiri basi, dzanja lina chikwama cha amayi ake, lina akuwakoka, iwo atagwira chipewa chawo cha kutchalitchi kuti chisagwe. A Kochi anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana ine. Sananene kanthu. Ndinakhoma.

Dzina lake silinaitanidwe. Anakhala pagulu la oonerera pambali pa amayi ake, ndi zovala zake za kunyumba, maluwa ake ali pa benchi m'chipinda chovalira. Tinapambana. Mayi Tate anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho. Madzulo a tsiku lija ndinamuuza Orrin kuti sindinamuone, ndinangoyang'ana wotchi. Anati, "Palibe kanthu aise, lamulo si lako." Bodza limeneli lakwanitsa zaka 31, ndi lalikulu kuposa mwana wanga woyamba.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndapita kukameta kuti Loweruka ndikaoneke ngati munthu. Ndikanadziwa. Kwa a Purvis kunali ngati kukhoti.

A Purvis, makina ali m'manja: "Munthu asanalowe n'komwe m'manda, wina wayamba kale kumukumba. Ulemu unapita kuti?"

Mkulu wina amene sindimudziwa: "Ulemu wa chiyani? Ankaponyera ana a eni ake mipando ya m'chipinda chovalira. Akanakhala woluza mukanamutcha chilombo. Poti ankapambana ndiye mukuti mwambo."

"Ana ake onse anamaliza sukulu."

"Amene anatsala. Amene anathawa mwawawerenga?"

Kenako onse maso pa ine m'kalilole. "Nanga inu a kaputeni?" Ndati mundichepetseko m'mbalimu.

Chovuta n'chakuti onse akunena zoona. Kochi yemweyo anabwera kwathu ku Gary ndili ndi zaka 17, n'kukhala pa mpando wathu wothyoka mwendo, n'kuuza amayi kuti mwana wanu adzabwera ndi digiri kapena ine ndidzabwera kudzakupepesani. Nditalephera masamu ankanditsekera mu ofesi mwake ndi mabuku Lamulungu lililonse, iye ali pomwepo kudya masangweji a mayi Lorene, theka n'kundikankhira. Amayi atagonekedwa m'chipatala anayendetsa galimoto maola atatu kudzakhala nane pakhonde, chipewa chili pa bondo. Ndinkamuopa kuposa moto ndipo ndinkamukonda. Ndimamukondabe, ndiye pali vuto pamenepo.

Pa gulu lathu la pafoni Stoney, amene anali kaputeni chaka chotsatira, walemba kuti Orrin asayerekeze kubwera Loweruka. Ena aika tizithunzi ta chala chovomereza. Stoney yemweyo a Kochi anamusanzitsa kangapo ndi kuthamanga, lero ndiye mlonda wa manda. Kenako walemba: "Wendell, ndi mnzako, umuuze." Ndazimitsa foni.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndimaganiza kuti Orrin sabwera. Ndamupeza wafika kale pa tebulo lathu la pakona, ndodo yake atakoleka pa mpando, atandiitanitsira kale mazira ndi khofi.

"Wameta ngati ukukafunsira ntchito," watero.

"Iwe ndiye watchuka. Ndikupemphe siginecha?"

Taseka pang'ono, kuseka kwa mano okha. Wandiuza kuti anthu akumuimbira kumutukwana, wina wamuponyera nyuzipepala yong'ambidwa pakhonde. Akuti mtolankhani atafunsa anafuna kunena zabwino ngati anzake, koma pakamwa panakana. "Ndinadikira zaka zonsezi kuti mwina tsiku lina Kochi andiitana, angonena kuti Tate, tsiku lija ndinalakwa. Mawu atatu. Tinkakumana m'sitolo, iye n'kumandifunsa za chiuno. Tsopano wapita nawo."

Ndafunsa ngati abwera Loweruka.

"Wandiitana ndani?"

"Ndikukuitana ine."

"Ndamva kuti mukakhoma chitseko." Wandiyang'ana nthawi yaitali, supuni ili m'kapu. "Ukakhoma ndiwe?"

Pamenepo mpata unalipo, waukulu ngati khomo la galaja. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti khofi wa lero wapsa. Iye anangoti eya, wapsadi.

Mwamuna wa zaka 53, mphunzitsi amene ndimauza ana a anthu kuti azinena zoona.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndalemba mawu a mawa kasanu. Ndikalemba zabwino zokhazokha ndikuona chipewa cha mayi Tate. Ndikalemba zinazo ndikuona mayi Lorene pa mzere wakutsogolo.

Ndamuuza Yvette zonse akupinda zovala. Wasiya kupinda, wakhala pa bedi. "Zaka 28 tili m'nyumba imodzi, Wendell." Kenako: "Koma si ine wofunika kumva zimenezi. Iwe ukuopa kuti Orrin akutaya. Panopa amene amadya naye Lachinayi si iwe, ndi munthu uja wonena kuti sanamuone pa kagalasi."

Maluwa a tsiku la okondana ndinaiwala kugula. Wati ndisavutike.

Loweruka, 15 Febuluwale

Chipinda chovalira achipaka penti watsopano koma fungo ndi lomwe lija. Tinalimo anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, mimba, madazi, mawondo olira. Mayi Lorene anandiveka kiyi pakhosi ndi manja awo, n'kundisisita tsaya, n'kupita kukakhala m'holo.

1:49 onse chete, maso pa wotchi, monga kale. Ena akumwetulira misozi ili m'maso. 1:50 Stoney anati, "Nthawi, kaputeni." Ndinasuzumira pa kagalasi. M'kolido munalibe munthu. Ndinatsegula chitseko n'kuima pakati pake.

"Khoma, aise."

"Ndikudikira munthu."

"A Kochi sakanadikira."

"Ndikudziwa."

Panali kung'ung'udza, wina anatukwana chapansipansi. Palibe anandikhudza. Zaka 31 zapita koma wovala kiyi amamuopabe.

1:56 ndinamva ndodo. Orrin, suti yake yabulauni ya maukwati ndi maliro. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kabati ya zikho, n'kuima pomwepo, osapitirira. Ndinapita ine. Masitepe ndinawerenga, ndi makumi awiri ndi awiri.

Ndinati, "Orrin, tsiku lija ndinakuona. Unali pano. A Kochi sanandiuze kuti ndikhome. Ndinakhoma ndekha."

Sanadabwe. "Ndikudziwa. Kagalasi kaja kamaonetsa mbali zonse."

Ndinakhala pa benchi ya m'kolido. Iye anakhala pambali panga movutikira, ndodo pakati pa mawondo.

"Amayi nawonso anakuona," anatero. "Ndikuwaperekeza kudepoti anandiuza kuti mwana uja nkhope yake inali ya mantha, osati ya nkhanza. Usamufunse, adzanena yekha, ndipo usamutaye. Ndinawalonjeza. Sindinadziwe kuti zitenga zaka zonsezi."

Anyamata anatuluka pa mzere kulowera m'holo, ambiri osatiyang'ana. Gulu la zitoliro linayamba nyimbo ya koleji. Ndinati pepa, kangapo.

"Zaka 31 mkwiyo wonse ndinaukoleka pa munthu mmodzi, chifukwa winayo ndinkamufuna," anatero. "Uja wapita. Sindikudziwa kuti ndiuika pati tsopano."

Tinamva dzina langa pa chimkuzamawu. Kachiwiri.

"Pita ukalankhule. Kwa iwe anali bambo, zimenezo sindikulanda." Ndinamupempha tilowe limodzi, anapukusa mutu. Nditaimirira anandigwira mkono wa jekete. "Lachinayi usabwere kaye. Ndikuimbira ine."

Ndinalankhula. Za mpando wothyoka mwendo, za masangweji, za khonde la chipatala. Kenako ndinasiya pepala n'kunena kuti pali dzina limodzi limene silinaitanidwe pa bwalo lino mu 1994, ndipo wokhoma chitseko ndinali ine. Ndinalitchula, ndi la amayi ake lomwe: Orrin Tate, mwana wa mayi Odessa Tate a ku Mississippi. Ena anawomba m'manja, ambiri ayi. Mayi Lorene anali atawerama, sindinaone nkhope yawo.

Nditatuluka, pa benchi panalibe munthu. Sindikudziwa ngati anamva.

Kiyi ndaiwala kubweza, ali pa tebulo la m'khitchini. Foni ndaiika pambali pake, ndakweza kulira kwake mpaka kumapeto.