Chiberekero Changa Chili ndi Eni Ake Ambiri

4 mwezi wa Magh

Chisanu choluma. Chiberekero chatulukanso lero ndikukwera mtunda ndi dengu la udzu wa njati yathu yoweta. Ndakhala pamwala, ndachibwezera m'kati ndi dzanja, ndanyamuka. Ziberekero za anzanga zimakhala phee m'mimba. Changa chimakonda kuona dziko.

Chinayamba nditabereka Rojina, wachiwiri uja. Sabata isanathe ndinali kale kunkhuni. Apongozi ankandiyamikira pa anthu, amvekere mtengwa wanga ndi wachitsulo. Chitsulo chake ndi ichi chikulendewerachi.

6 Magh

Mphete ya labala imene namwino anandiika kuti izichigwira yagwanso, ulendo uno m'khola. Mbuzi inainunkhiza n'kuisiya.

Namwino akuti mphete yalephera. Madokotala oyendayenda abwera kusukulu mwezi wamawa, akangochichotsa, nkhani ithe. Mnzanga Jaukala anamuchotsa chaka chatha ndipo ali bwinodi, amathamanga, fungo linatha. Koma mwamuna wake anabweretsa mkazi wina mpunga usanakololedwe. Akuti zifukwa n'zina. Eya, n'zina.

Ndikutuluka namwino anandikokera pambali. Ku Surkhet kuli dokotala amene amachikweza osachichotsa.

9 Magh

Msonkhano waukulu wokambirana za chiberekero changa. Apongozi pamkeka, amuna anga, bambo a Anjila, pafoni kuchokera ku Malaysia, amalume awo pakhomo ndi fodya. Ine ntchito yanga inali yophika tiyi.

Amalume akuti tiyambe kwa sing'anga, akufuna tambala wakuda yekha basi. Tambala adyedwe, chiberekero chimve chisoni chikwere chokha.

Apongozi: "Chisachotsedwe. Ana aakazi okhaokha, nkhuni zootchera mtembo wa atate awo adzayatsa ndani popanda mwana wamwamuna?" Mwana wawo ali moyo, wanenepa, iwo akukonza kale za moto wake.

Bambo a Anjila akuti zimene anena amayi n'zomwezo. Kenako foni inaima, nkhope yawo ili kukamwa yasa. Sindinaone kusiyana.

Chodabwitsa n'chakuti koyamba chikwatiwire, ine ndi apongozi tikufuna chinthu chimodzi. Iwo akufuna mdzukulu wamwamuna. Ine sindinafike zaka makumi atatu, sindifuna kudulidwa kanthu pamene njira ina ilipo. Palibe wandifunsa. Tiyi akuti shuga anachepa.

15 Magh, Surkhet

Basi tsiku lonse, msewu wa maenje. Ndinakhalira tako limodzi. Apongozi anasanza m'njira monse, akuti vuto ndi mafuta amene ndinadzola.

Dokotala Regmi ndi mzimayi wamfupi, magalasi pamphuno. Choyamba anapempha apongozi kuti adikire panja. Nkhope yawo ija ndidzaikumbukira tsiku lililonse limene ndidzakhale wosakondwa.

Anandiyeza, anatenga zokapima khansa, kenako anajambula papepala. Njira zilipo. Kuchichotsa. Kapena kuchikweza n'kuchisokerera ku mtsempha wolimba wa m'chiuno, kudzera kumusi komweko, osang'amba pamimba. Kapena kung'amba pamimba n'kuchimangirira ndi kaukonde ku fupa la kumunsi kwa msana. Khomo la chiberekero likakhala kuti latalika, amalidulako pang'ono.

Sananyengerere. Chikhoza kudzatsikanso. Mimba ina posachedwa ikhoza kumasula zonse zimene asoke, ndipo nditati ndidzabereke, kudzakhala kwa mpeni. Miyezi itatu osanyamula cholemera. Apa ndinaseka mpaka namwino anasuzumira.

Ndiye anati, "Achemwali, inuyo mukufuna chiyani?" Ndinacheuka kuona amene akufunsidwa. Kumbuyo kwanga kunali khoma.

17 Magh

Khansa palibe. Ndasankha ya kumusi, yosang'amba. Chikhale.

Ndinafunsanso china, chapansipansi. Njira yolerera ya timapulasitiki toika pamkono ija. Dokotala sanadabwe, anangofunsa ngati ndaganiza ndekha. Ndinati m'banja mwathu chinthu chimene ndaganiza ndekha ndi chimenechi chokha. Akuti ndikadzafuna mwana n'kubwera, adzatichotsa timapulasitikito. Ndikadzafuna ine.

Mantha alipo. Anjila ndi Rojina ali kwa Jaukala. Rojina sagona osagwira khutu langa.

21 Magh

Ndili moyo. Kupweteka kwake ngati ndakhalira chisa cha mavu. Paipi ya mkodzo achotsa dzulo, ndinayenda mpaka pazenera ndikugwiragwira mabedi a eni. Pakati pa miyendo palibe chilichonse. Ndinaima ndikudikira kulemera kuja, osabwera. Ndinalira ngati chitsiru.

Apongozi agawira wodi yonse maswiti. Akuuza aliyense kuti akonzetsa chisa cha mdzukulu wawo. Akonzetsa iwo. Mwina ulusi unalowa m'thupi lawo ine ndili mtulo.

Mkono wamanzere ndauphimba ndi malaya a manja aatali. Ubwino wa chisanu.

2 mwezi wa Falgun

Kunyumba. Ndikugona pakhonde kuothera dzuwa ngati galu wa anthu olemera. Akazi akamadutsa ndi madengu amandipatsa moni wa mfumukazi, manja pamodzi, mutu pansi. Wina anafunsa ngati dokotala amagulitsa matenda amenewa, akufuna agulireko mchemwali wake. Madzulo mayi yemweyo anabwera yekha kudzafunsa kuti basi ya ku Surkhet imanyamuka masiku ati.

Udzu, madzi, ndowe za kumunda, zonse ndi apongozi. Amatula dengu mwamphamvu kuti ndimve. Ndimamva.

Bambo a Anjila anaimba foni. Abwera pa chikondwerero cha Dashain. Sanafunse ngati kukupweteka. Anafunsa ngati pofika nthawiyo "zidzakhala zitakonzeka." Ndinati zonse zakonzeka kale, kuposa mmene akuganizira.

7 Falgun

Apongozi anatenthetsa mafuta a mpiru kuti andisisite, akuti thupi lichire msanga ntchito ikudikira. Msana, mapewa. Anakwinya dzanja la malaya ndisanaganize. Chala chawo chinaima pomwepo. Anadina, anadinanso. Timapulasitiki tija timamveka bwinobwino pansi pa khungu, ndipo iwo si mwana, theka la mudzi lili nato.

Ndinayang'ana khoma. Ndinayamba kale kuganiza zoika m'chikwama, ndi ngati angandilole kutenga ana.

Anatsitsa dzanja la malaya okha, n'kupitiriza kusisita mkono winawo. Chete ameneyu ndi woopsa kuposa kukalipa.

8 Falgun

Mwana wawo anaimba. Ndinali kukhitchini, mphodza ikupserera ine khutu lili panja. Anakamba za mbuzi, za denga lodontha. Za ine anati, "Akuchira. Usamufulumize." Basi. Ndinadikira zotsalazo. Kunalibe.

9 Falgun

M'mawa abwera ndi madzi, atula ndowa mwakachetechete, aima pafupi ndi mkeka wanga akuyang'ana kuphiri. Amvekere, "Dokotala wako uja, nkhalamba amazionanso?"

Mawu obaya ndinali nawo ambiri, ndawasunga chikwatiwire. Onse athawa. Ndangofunsa kuti chawocho chinayamba liti kutsika. Akuti atabereka bambo a Anjila, munthu amene ndevu zayamba kale imvi. Pambuyo pake anaberekanso asanu. Amamanga ndi nsalu. Sanauzepo munthu, ngakhale malemu amuna awo.

Ndasendera, ndawauza kuti akhale pansi.

Akuti kukhala ndiye kumapweteka.