Mawu Asanu a Adokotala

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, ana akupereka moni.

Lachiwiri ndinaperekeza abambo kuchipatala kuti akawaone ngati angachitidwe opaleshoni ija yoika timawaya mu ubongo, yochepetsa kunjenjemera kwa matenda a Parkinson. Anawayendetsa m'khonde asanamwe mankhwala, n'kuwayendetsanso atamwa, ndipo zonse zinali bwino. Kenako adokotala anati munthu amene wayamba kuiwalaiwala samuchita opaleshoniyi, chifukwa ikhoza kukulitsa vutolo. Anawauza mawu asanu oti asunge m'mutu. Atawafunsa patapita kanthawi, abambo anatchula awiri okha, n'kundiyang'ana.

Azakhali, kunyumba ndinazolowera kuwamalizira mawu. Ndinakhala kumbuyo kwa adokotala, ndipo milomo yanga inangoyenda yokha. Abambo anakhoza onse asanu.

Tsiku la opaleshoni atipatsa, ndi mwezi wamawa. Abambo akondwa kwambiri, moti apukuta kale makina awo osokera. Koma dzulo anandifunsa kawiri kuti amayi abwera nthawi yanji kuchokera kumsika. Pamaliro a amayi paja inu munalipo.

Nambala ya adokotala ndili nayo, ndimangoiyang'ana. Mundiyankhe msanga, chonde.

Ndine mwana wanu,
wachisamba wa achimwene anu.