Mbewu Yanu Isapite ku Chigayo

Kalingalinga, Lusaka
Lachitatu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Mwendo uja ukutupabe? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndikupatsa kondakitala wa basi ya mawa kuti ikufikeni mlongo wanga Dumi asanabwere. Maud, amene muli naye pakhomopo, akuwerengereni tsiku lomwelo, asaisunge.

Pa mafoni kuno pakuyenda nkhani yoti anthu ophunzira zakuthambo apeza nyenyezi ina yosawala, yozizira, pafupi ndi dzuwa lathu. Mneneri wa kumene Dumi amapemphera ku komboni ya Mtendere wauza anthu kuti ikubwera kudzazimitsa dzuwa chaka chisanathe, ndipo wodzala mbewu ndiye wosakhulupirira.

Mwana wanu Dumi wasiya ntchito yake yowotcherera zitsulo. Mageti awiri a anthu angokhala pabwalo osamaliza, eni ake akumafunsa ine. Dzulo wandiuza kuti Loweruka akwera basi kubwera kumudzi, adzatsitse chimanga cha mbewu chimene munapachika pautsi kukhitchini, akagayitse, mudye pamodzi masiku otsalawa. Nditamuletsa anati ndilibe chikhulupiriro, nandisiya ndikulankhula.

Ndinapita kwa ba Chalwe, mtsikana wa khomo loyandikana nafe, amene amaphunzira ku yunivesite. Poyamba anaseka, koma ataona nkhope yanga anandikhazika pansi. Anati chinthucho chilipodi, ndi nyenyezi imene inalephera kuyaka, ngati mbaula imene makala ake sanagwire moto. Akuti chakhala komweko kuyambira agogo athu asanabadwe, kungoti makina ochionera ndi amene abwera mochedwa. Anatinso ophunzirawo akamati pafupi, si pafupi pathu: ngakhale kuwala kumayenda zaka zingapo kuchoka kumeneko kuti kufike kuno.

Sindikunamizani, Amayi, mantha sanathe. Ndinafunsa kuti ngati sichioneka ndi maso, adziwa bwanji kuti sichikubwera? Anafotokoza, koma sukulu yanga mukuidziwa pamene inathera. Ndikamayanika zovala ndimangoyang'ana kumwamba.

Koma njala ija ya chilala ndinaiona ndi maso. Ndikukumbuka mmene munaondera. Mbewu imeneyo ndi ya makolo, imene Atate ankasankha okha ngala zake, ndipo m'sitolo simungaipeze. Ikalowa m'chigayo yapita.

Pempho langa ndi limodzi. Lachisanu lisanathe, Maud atsitse ngala zonse, azitengere kwa azakhali ba Betty kutsidya kwa dambo. Kumeneko Dumi sangalowe, amawaopa kuyambira ali mwana. Ndikudziwa kuti iye akalira pamaso panu simutha kumukaniza, n'chifukwa chake ndikuti adzapeze palibe chopempha. Musakangane naye. Wakhala akusala kudya masiku asanu, muphikireni, adye, agone.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa amalume ba Kasonde ndi kwa Maud ndi ana ake.

Mvula yoyamba ikagwa, dzalani. Ngati ba Chalwe akunena zoona, tidzakolola. Ngati mneneri ndiye akunena zoona, nyenyeziyo idzatipeze chimanga chili m'munda.

Ndine mwana wanu wodera nkhawa,
Edna