Khasu la Amake Jairos

Aphungu,

Ndine mkazi wamasiye wa ku Kasenengwa. Amuna anga, a Lazaro, anaphedwa chaka chatha ndi Jairos wa mudzi wa kutsidya. Anakangana pamowa chifukwa cha ng'ombe zodya chimanga, Jairos n'kuwatema ndi nkhwangwa. Khoti la ku Fort Jameson lagamula kuti anyongedwe. Sindinama, tsiku limenelo ndinasangalala.

Koma m'mawa wina ndinapeza munthu akupalira mtedza wanga. Kuyang'anitsitsa, amake Jairos! Ndinawatukwana mpaka mawu kusasa. Iwo osaleka, khasu likungogwa. Mawa lake anabweranso. Ino ndi sabata yachisanu, nkhalamba yopindika msana kuwoloka mtsinje tsiku ndi tsiku, ngakhale madzi anga osapempha. Nditawafunsa chimene akufuna, anati, "Amake Sesiliya, mwana wanga anachotsa khasu limodzi m'munda muno. Ndabweretsa langa." Za chingwe sanatchulepo n'kamodzi komwe. Ndikawaona ndimachita mantha ngati ndaima patsogolo pa guwa m'tchalitchi.

Tsopano Abambo a kumishoni alemba kalata yopempha Bwanamkubwa kuti Jairos asanyongedwe. Akufuna ndiikepo dzina langa lole ya makalata isananyamuke Lachisanu. Alamu anga, a Simoni, akuti ndikatero ndagulitsa magazi a mbale wawo. Nditani ine?

E. B., Kasenengwa

Mayi E. B.,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatu nditavula chipewa. Ndaona milandu yambiri, koma munthu wopepesa ndi khasu sindinamuonepo.

Choyamba, dziwani chimene mukupemphedwa. Dzina lanu silitulutsa Jairos m'ndende. Bwanamkubwa akamva pempholo, munthuyo akhala m'ndendemo mwina mpaka imvi. A Simoni sakulakwa kufuna chilango, moyo wa a Lazaro sunali wa nkhuku. Ena amati popanda chingwe anthu aziphana chisawawa. Koma Jairos ponyamula nkhwangwa ija, kodi chingwecho sankachidziwa? Makolo athu ankalipitsa wakupha, kuti ana a womwalira adye. Ndipo ndende ili ndi khomo lakuti khoti likalakwitsa munthu atulukire, pamene manda alibe.

Lachinayi lisanafike, khalani pansi ndi a Simoni pamodzi ndi malume a amuna anu, asadzamve kwa ena. Musakangane nawo. Ingowatengani m'mawa, akaime okha m'mphepete mwa mundawo. Mufunsenso Abambo akuwerengereni kalatayo m'Chinyanja, mawu onse.

Ine ndikanakhala inu ndikanalemba. Koma chenjerani: musalembe ngati mukulipira ganyu, mayiwo sanakugulitseni khasu lawo. Lembani pokhapokha mtima wanu wavomera. Musakanenso chifukwa choopa alamu. Mkwiyo wa a Simoni ukhoza kuzizira pofika nthawi yokolola, koma Jairos akanyongedwa, sadzanyongoledwa. Ndipo m'mawa mwake mayi aja adzabwerabe ndi khasu lawo. Wowapatsa moni mudzakhala inu.

Aphungu