Nsapato Zachimuna M'chikwama cha Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana onse. Kodi mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga, ndipo kugalaja mabasi akufa ngati achita kupangana, moti girisi sakuchokanso m'zikhadabo zanga.

Ndalemba chifukwa cha nkhani ndinakuuzani pafoni ija, ya nsapato zachimuna zimene ndinazipeza m'chikwama cha alamu anu. Tsiku lija ndinalankhula ndili wopsa mtima, ndipo munangomva mutu wa nkhani. Lero mumve yonse.

Nsapatozo ndi zakuda, zazingwe, pansi pake posalala ngati sizinapondepo dothi. Ndinaziyesa, phazi langa linakana kulowa. Ndiye ndinati mwini wake ndi kamunthu kochepa thupi, koyendera galimoto. Kwa masabata atatu ndinkayang'ana mapazi a mwamuna aliyense: bwana wawo wa kochapira zovala kumene amagwira ntchito, mkulu wa kwaya, ngakhale telala wa pakhonde la nyumba yathu. Telalayo ndiye anandisokoneza mutu kwambiri. Anandiuza kuti Loweruka lililonse masana, ine ndili kuntchito, alamu anu amatuluka atavala buluku, tsitsi atamanga kumbuyo, akuimba chapansipansi.

Loweruka lapitali ndinanamiza foromani kuti dzino likundiwawa, n'kuwatsatira chapatali. Anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo yogulitsa matiresi. Ndinaima pansi kanthawi ndikumva nyimbo ndi mapazi akukhwekhwereza. Kenako ndinakwera, sipanala ili m'thumba la ovolosi. Musandifunse kuti ndimati ndichita nayo chiyani, inenso sindikudziwa.

Achemwali, kumeneko kuli chipinda chachikulu, khoma limodzi lonse ndi galasi. Anthu amavina awiriawiri atagwirana, gule wodekha uja wa anthu a masuti. Amuna analipo anayi okha, akazi oposa khumi. Alamu anu anali pakati, nsapato zija zili kuphazi kwawo, dzanja lili kumsana kwa mayi wina wojintcha wa imvi, akumuyendetsa chammbuyo, kumukhotetsa uku ndi uku mosamala ngati dalaivala wolowetsa basi m'galaja. Mwamuna ndinkamusaka uja anali iwo omwe.

Mphunzitsi wawo, bambo wadazi wowonda, anandifotokozera kuti pa guleyu mwamuna ndiye amatsogolera, mkazi amangomvera dzanja. Koma poti amuna ndi osowa, akazi ena amaphunzira mbali yachimuna. Anati alamu anu anawaposa kale amuna anayi onsewo, ndipo akazi amachita kulimbirana kuti avine nawo. Iye akulankhula, ine ndinali nditayang'ana mapazi ake. Ndi aakulu.

Alamu anu sanadzidzimuke n'komwe. Anayang'ana ovolosi, anayang'ana thumba lolemera lija, n'kunena kuti, "Poti mwabwera, ikani chitsulocho pampando." Anatenga dzanja langa n'kuliika paphewa pawo. Ndinawanong'oneza kuti pamenepo amagwira ndi mkazi. Iwo anati, "Nanga inu mbali yachimuna mukuidziwa?" Dzanjalo ndinalisiya pomwepo. Ndinayenda chammbuyo chipinda chonse, osaona kumene ndikupita, anthu akuonerera, girisi akudetsa bulauzi yawo yoyera. Sindinagunde munthu ngakhale mmodzi.

Pobwerera ndinafunsa chifukwa chimene anabisira zimenezi miyezi isanu yathunthu. Anati chaka chatha anandipempha kuti tizipita limodzi, ine n'kuseka, amvekere ndinati zogwiranagwirana pagulu ndi za anthu osowa chochita. Sindikukumbukira, koma mawuwo akumveka ngati anga.

Komabe mtima wanga sunakhale pansi. Munthu amene wasunga chinsinsi miyezi isanu osaphethira akhoza kusunga china. Ndipo tsopano ndikuona zimene sindinkaziona. Tikamaoloka msewu, dzanja lawo limafika kumsana kwanga, ine n'kungopezeka ndakhota. Pamene tinkasankha nyumba tikukhalayi, ndinkati ndasankha ndine. Lero ndikukayika. Kodi inu munaziona kale zimenezi, n'kungondisiya?

Chinanso, mphunzitsi uja akufuna kuti mwezi wamawa alamu anu apite ku mpikisano kumzinda wina, masiku awiri. Akuti akavina ndi mayi wa imvi uja. Akuti. Ine ndapempha kale tchuthi kuti ndikaone ndi maso angawa. Nditawauza, alamu anu anangomwetulira n'kunena kuti ndikagule malaya abwino. Kumwetulira kumeneko sindinakumvetse mpaka pano.

Pempho langa ndi limodzi. Ndinakuuzani kuti nkhaniyi isatuluke, koma dzulo amalume anaimba foni kufunsa ngati banja lili bwino, akulankhula mozungulirazungulira. Amalume mumawadziwa, saimba foni kungofuna kupereka moni. Sindikunena kuti ndinu, koma amene ndinamuuza ndinu nokha. Chonde, aliyense amene munamuuza mupitenso mukamuuze kuti mwamuna palibe, ndipo sanakhalepo. Dzina la alamu anu lisaipe kwathu chifukwa cha pakamwa panga. Zoti ndinavina mbali ya mkazi, zimenezo zithere m'kalata muno.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa achimwene aakulu ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Alamu anu akupereka moni wambiri, ndipo akusokera mwana wanu wamng'ono juzi. Sakudziwa kuti ndinakuimbirani tsiku lija ndi zimene ndinanena za iwo. Ndikamata envelopuyi ndikawauza ndekha, asanazimve kwa wina.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Makaniko