Galu Mwamupopera Mankhwala a Mphemvu

Alamu,

Musandifunefune, ndathamangira kwa dokotala wa ziweto ndi galu wa malemu amuna anga. Ndamupeza kuseri kwa bafa akunjenjemera, kukamwa kuli thovu lokhalokha, miyendo yakumbuyo ikukanika kuima. Chitini cha mankhwala a mphemvu ndachiona pawindo, mwachimaliza chonse. Inetu ndinati mumuchotse nkhupakupa ndi manja, osati mumupopere ngati kabati! Mutu wanu umagwira koma?

Mukafika, thumba limene amagonapo lija muliwotche, mbale yake muitsuke ndi sopo, ndipo mwana wanuyo asapondeko kuseriko wopanda nsapato. Bulangete lanu latsopano lija ndamufunditsa galuyo. Pepani, koma osati kwambiri.

Kaya tikafika naye wamoyo, sindikudziwa. Ndamuitana, sanagwedeze ngakhale mchira, wangondiyang'ana. Maso amenewo ndinawaonapo kale kuchipatala, tsiku limene achimwene anu anatisiya. Inu nonse munalira, munatonthola, moyo ukupitirira. Galu yekhayu ndi amene amakakhalabe pageti madzulo aliwonse kuwadikirira bambowo. Akafa, ine ndizikakhala ndi ndani pamenepo?

Ndine mlamu wanu